Kamera yopyapyala ya m'thumba: kupyapyalako mumakulipira ndi chiyani?

Makamera aang'ono opyapyala aja, a Canon IXUS, Sony Cyber-shot a mndandanda wa T, Casio Exilim ndi Nikon Coolpix S, ayambanso kusakidwa, makamaka ndi achinyamata amene atopa ndi zithunzi zosalala mopitirira za pa foni. Koma ambiri mwa makamerawa sakupangidwanso. Mu 2010 makampani a ku Japan anatumiza ku misika ya dziko lonse makamera a lenzi yosachotseka oposa 100 miliyoni. Pofika 2023 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pansi pa 2 miliyoni. Casio, imene inatchuka ndi kupyapyalitsa makamera, inasiya kuwapanga mu 2018. Ndiye amene akufuna kamera yotere lero kawirikawiri akugula yakale, ya zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo ndi bwino adziwiretu kuti kupyapyala kuja sikunabwere kwaulere. Milimita iliyonse imene opanga anaichotsa inachoka penapake: pa sensa (kachipangizo kamkati kolandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi), pa lenzi, pa batire kapena pogwirira. Zambiri mwa zimenezi zimakathera pa vuto limodzi, loti kamerayo imalandira kuwala kochepa.

Lenzi yotuluka ndi lenzi yopinda

Lenzi imafuna mpata. Kuwala kumayenera kudutsa m'magalasi angapo otalikirana kusanafike pa sensa, ndipo kuti zoom itheke magalasi ena amayenera kumasuntha cham'tsogolo ndi cham'mbuyo. M'kabokosi kochindikala mamilimita 20 mpata umenewo mulibe. Casio Exilim EX-S1 ya mu 2002 inalizemba vutoli: inali yochindikala mamilimita 11 okha, koma zoom ya magalasi inalibiretu, ndipo sensa yake sinkafika mamegapikiselo 2. Ena anafuna kuti zoom ikhalepo ndithu, ndipo anatsata njira ziwiri.

Yoyamba ndi lenzi yotuluka. Magalasi amakhala m'timachubu tolowana, ndipo kamota kamatikankhira kunja mukayatsa kamera, n'kutibwezanso mukazimitsa. Ma IXUS ambiri ndi otere. Pentax Optio S ya mu 2003 inawonjezerapo nzeru ina, yoti gulu lapakati la magalasi lizipatukira pambali lenzi ikamabwerera, kuti otsalawo apanikizane bwino. Ubwino wa njirayi ndi woti lenzi ikatuluka imapeza mpata wokwanira, ndiye zithunzi zimakhala zakuthwako. Kuipa kwake, kamera yonse imadalira timagiya ta pulasitiki tating'ono zedi, timene kamchenga kamodzi kamatha kutiimitsa.

Yachiwiri ndi lenzi yopinda. Minolta DiMAGE X ya mu 2002 ndi imene inaitchukitsa. Kuwala kumalowa pa kawindo kakang'ono pakona ya pamwamba, kumakumana ndi galasi la ngodya zitatu limene limakukhotetsera pansi madigiri 90, kenako kumadutsa m'magalasi oimikidwa mkati mwa thupi la kamera mpaka pa sensa imene ili pansi. Palibe chotuluka kunja ngakhale mukamakoka zoom. Sony inatsata njira yomweyi pa ma T ake, ndipo DSC-T7 ya mu 2005 inali yosafika mamilimita 10 pamalo ake opyapyala kwambiri. Mafoni amakono okhala ndi lenzi yokokera zakutali, monga Huawei P30 Pro ya mu 2019, anabwereka luso lomweli.

Pamenepa mtengo wake ndi uwu. Popeza magalasi agona mkati, kukula kwawo sikungapose kuchindikala kwa kamerayo. Magalasi aang'ono amalowetsa kuwala kochepa, n'chifukwa chake malenzi opinda ambiri amayambira pa f/3.5 (nambala ya f imaonetsa kutseguka kwa lenzi: ikakula, kuwala kolowa kumachepa). M'makona a chithunzi mumakondanso kufewa, ndipo mukajambula pepala lolembedwa mumaona zilembo zapakati zili zakuthwa, za m'mbali zikuchita kachimbuuzi. Palinso kavuto koseketsa koma kosatha: kawindo kaja kali pomwe pamafikira chala cha dzanja lamanzere, ndiye chala chimalowa m'zithunzi mpaka mutazolowera kugwira kamera m'mphepete.

Sensa, ndi masamu a kuwala

Makamera opyapyala ambiri ali ndi sensa yolembedwa 1/2.3 inchi kapena 1/2.5 inchi. Manambala amenewa asakupusitseni, anachokera ku machubu a makamera akale a wailesi ya kanema ndipo sakunena kukula kwenikweni. Sensa ya 1/2.3 ndi mamilimita pafupifupi 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi, malo okwana masikweya milimita 28. Sensa yotchedwa ya inchi imodzi, ya mu Sony RX100, ndi mamilimita 13.2 ndi 8.8, kukula kanayi. Ya makamera aakulu aja, ya mamilimita 36 ndi 24, imaiposa ka 30. Mafoni ambiri apamwamba a masiku ano ali ndi sensa yaikulu kuposa ya kamera yopyapyala, chinthu chimene ogula ambiri sachiyembekezera.

Pa kamalo komweko opanga ankangowonjezera mamegapikiselo chaka ndi chaka, chifukwa nambala yaikulu pa bokosi inkagulitsa. Zili ngati munda waung'ono umene ukugawidwa kwa ana ochuluka: munda sukula, chimene chimachepa ndi gawo la aliyense. Pa kamera ya mamegapikiselo 7 ya cha mu 2006, pikiselo iliyonse, kadontho kamodzi kolandira kuwala pa sensa, inali pafupifupi mamaikiromita 1.9 (milimita imodzi ndi mamaikiromita 1,000). Pa ya mamegapikiselo 20, monga Canon IXUS 185 ya mu 2017, ndi mamaikiromita 1.2. Lenzi yaing'ono ija singathe kupereka tsatanetsatane wokwanira mapikiselo onsewo, ndiye mumapeza fayilo yaikulu koma chithunzi chosaposa kwenikweni cha kamera ya mamegapikiselo 10 kapena 12. Ndipo pa ntchito zambiri mamegapikiselo ochuluka safunika n'komwe. Chithunzi chosindikiza cha masentimita 10 ndi 15 chimakwana ndi mamegapikiselo opitirira pang'ono 2, ndipo cha pepala la A4 ndi 9.

Tsopano tiwerengere. Masana dzuwa likuswa mtengo, pa ISO 100 (ISO ndi nambala imene kamera imakweza kuti iwalitse chithunzi kuwala kukachepa) ndi f/5.6, shata, kachitseko kolowetsa kuwala pa sensa, imatseka mu 1/800 ya sekondi. Palibe vuto, chithunzi chimatuluka choyera ndi chakuthwa, ndipo apa kamera yopyapyala imagwira ntchito yabwino kwambiri. Lowani m'nyumba madzulo, pabalaza poyaka babu limodzi. Pa ISO 100 ndi f/3.5 shata imayenera kukhala yotsegula pafupifupi 1/3 ya sekondi. Palibe dzanja limene lingakhale chete nthawi yonseyo, ndipo mwana amene mukumujambulayo wasuntha kale. Kamera imakweza ISO yokha. Pa 400 shata imafika cha pa 1/10, pa 1600 cha pa 1/40. Koma pa sensa yaing'onoyi ISO ikangodutsa 400 chithunzi chimadzala timadontho tamitundumitundu, ndipo kamera poyesa kutifufuta imafufutira limodzi tsatanetsatane. Tsitsi loluka limasanduka chigamba chakuda chosalala, maluwa a pa chitenje amalowana, udzu umaoneka wopakidwa ndi burashi. Foni yokhala ndi lenzi ya f/1.8 imalandira kuwala kochuluka pafupifupi kanayi kuposa ya f/3.5, komanso imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Makamera akale ambiri amajambula kamodzi basi. Mumdima popanda fulashi foni imapambana, ndipo palibe chokanirapo.

Zoom imalikulitsa vutoli. Lenzi ya IXUS 185 imayambira pa f/3.2, koma mukaikoka mpaka kumapeto imafika pa f/6.9. Kuwala kolowa kwatsika kuposa kanayi, pa nthawi yomwe mukufunika shata yothamanga kwambiri. Lamulo la ojambula ndi loti shata isachedwe kuposa 1 kugawa ndi kutalika kwa lenzi: lenzi ya IXUS 185, poiyerekeza ndi ya makamera aakulu aja, imayambira pa mamilimita 28 n'kufika pa 224, ndiye pa mamilimita 28 mungathe kugwira pa 1/30, koma pa mamilimita 224 mukufunika 1/250. N'chifukwa chake zithunzi za kwaya zojambulidwa kuchokera kumbuyo kwa tchalitchi ndi zoom yonse zimatuluka zogwedezeka, ngakhale kunja kuli masana.

Chimene chimathandiza ndi kachipangizo kochepetsa kugwedezeka kamene kamasuntha galasi limodzi mkati mwa lenzi, kapena sensa. Canon amakatchula IS, Sony amati Optical SteadyShot, Panasonic amati O.I.S. Kamakulolani kuchedwetsa shata kanayi kapena kasanu n'katatu osagwedeza chithunzi, ngakhale sikangaimitse munthu amene akuyenda. Chenjerani ndi makamera olembedwa kuti amachepetsa kugwedezeka mwa dijito. Amenewo amangokweza ISO kapena kukonza chithunzi ndi pulogalamu. IXUS 185 ili ndi kadijito kokha, pamene IXUS 190 imene inatuluka nayo limodzi ili ndi kenikeni. Pa zonse zolembedwa pa bokosi, ine ndimaona ichi kukhala chofunika kuposa mamegapikiselo.

Pali ndi zabwino zake za sensa yaing'ono. Kutalika kwenikweni kwa lenzi ndi mamilimita 5 okha mukakhala simunakoke zoom, ndiye pafupifupi chilichonse kuyambira mita imodzi kapena awiri mpaka kutali chimaoneka chakuthwa. Pojambula gulu la anthu la mizere itatu, wakutsogolo ndi wakumbuyo onse amatuluka bwino. Makamera ambiri otere amajambulanso pafupi kwambiri, masentimita 1 mpaka 5, mukasankha kachizindikiro ka duwa. Mbozi pa tsamba la chimanga kapena nambala yolembedwa pa chitsulo cha injini zimaoneka bwino lomwe. Koma chithunzi chija cha nkhope yakuthwa kumbuyo kuli chimbuuzi, musachiyembekezere. Ndipo zoom ya magalasi, ka 5 kapena ka 8, masana imaposa kutali foni yotchipa imene imangodula chithunzi n'kuchikulitsa. Zoom ya dijito ya m'kameramo ndi kudula komweko, izimitseni mu menyu.

Za sensa ya CCD, mtundu wa sensa umene uli m'makamera akale ambiri, imene ikutamandidwa pa intaneti kuti ili ndi mitundu yapadera, ndinganene kuti maonekedwe amene anthu akuwakondawo amachokera kwambiri ku fulashi ndi mmene kamera imakonzera JPEG, fayilo ya chithunzi chomalizidwa kale. Ngati mukufuna kujambula madzulo, kamera ya sensa ya mtundu wina wotchedwa CMOS, ya kuyambira 2009 kupita m'tsogolo, monga Sony yolembedwa Exmor R kapena Canon yolembedwa HS, ndi imene ingakuthandizeni. CCD imachitanso kamzere kowala kotsika kuchokera pa babu kapena dzuwa mukamajambula kanema.

Fulashi

Apa ndi pamene kamera yopyapyala imabwezera foni. Fulashi yake ndi kachubu ka mpweya wa xenon kamene kamang'anima kwa nthawi yosaposa 1/1000 ya sekondi, mowala kwambiri kuposa katochi ka foni. Anthu ovina usiku amaima chilili pa chithunzi, nkhope zakuthwa, kumbuyo kuli bii. Maonekedwe amenewa foni singawapange bwino.

Malire ake ndi mtunda. Fulashi ya kamera yotere imafika mamita 3 kapena kuposerako pang'ono, ndipo mukakoka zoom yonse imatha kutsika mpaka mita imodzi ndi theka, chifukwa cha f/6.9 ija. Mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kumatsika kanayi, ndiye munthu amene ali pa mita imodzi amayera mbee pamene wa pa mamita 4 wazimirira. Imikani anthu pa mtunda wofanana, pakati pa mita imodzi ndi theka ndi mamita awiri ndi theka. Mu holo yaikulu kapena pa bwalo la mpira usiku fulashi singafike, imangowalitsa mitu ya okhala patsogolo panu n'kutha batire.

Chifukwa kamera ndi yaing'ono, fulashi ili masentimita awiri kapena atatu okha kuchoka pa lenzi. Kuwala kumapita n'kubwerera njira yomweyo, ndiye maso amafiira, nkhope ya thukuta kapena yodzola mafuta imanyezimira pamphumi ndi pamphuno, ndipo fumbi la mumpweya limatuluka ngati timipira toyera paliponse pa chithunzi. Timipirato si vuto la sensa. Ndi fumbi limene lili pafupi ndi lenzi, ndipo pa chinkhoswe cha pabwalo m'chilimwe anthu akuvina simungatipewe pokhapokha mutazimitsa fulashi.

Masana fulashi ndi yothandiza kuposa mmene ambiri amaganizira. Sensa yaing'ono singasunge mbali yowala kwambiri ndi yamdima pa chithunzi chimodzi. Munthu wa khungu lakuda atavala zoyera, kumbuyo kwake kuli thambo lowala, kamera imayeza kuwala konseko n'kusiya nkhope mumdima. Mukaiuza iwalitse, diresi la mkwatibwi limapserera n'kutaya maluwa ake onse, ndipo popeza makamerawa amasunga JPEG yokha, zimene zapserera sizibwereranso pa kompyuta. Chitani izi: sankhani P m'malo mwa Auto, tsitsani kuwala pa −1/3 kapena −2/3, yatsani fulashi yokakamiza, ndipo imani mamita awiri. Zoyera zimasungika, fulashi imadzaza nkhope. Ngati pali mthunzi wa mtengo kapena khonde, aimikeni pamenepo.

Kugwira kwake

Kamera yolemera magalamu 120, yosalala, yopanda pogwirira, imagwedezeka mukamadina batani kuposa yolemera. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitsamire m'nthiti, dinani theka kuti ipeze fokasi, kenako malizani pang'onopang'ono. Kukachita mdima ikhazikeni pa tebulo kapena pa khoma n'kugwiritsa ntchito taima ya masekondi awiri. Kachingwe ka pamkono kazikhalapo nthawi zonse, chifukwa kamera yogwa lenzi ili kunja kawirikawiri siyakanso.

Ambiri alibe kagalasi kosuzumira, mumadalira sikirini. Sikirini ya madontho 230,000, imene ili pa makamera otchipa ambiri, padzuwa simuonapo kanthu, komanso imanamiza: chithunzi chogwedezeka chimaoneka bwinobwino mpaka mutachiona pa kompyuta. Mukajambula chofunika, chikulitseni pomwepo muone maso a munthuyo.

Batire ndi khadi

Batire lopyapyala ndi batire laling'ono. NB-11L ya Canon ili ndi 680 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga), EN-EL19 ya Nikon ili ndi 700 mAh, pamene mafoni ambiri ali ndi 4,000 mpaka 5,000. Pa muyeso wa bungwe la CIPA, umene umayatsa fulashi pa chithunzi chachiwiri chilichonse, makamerawa amajambula zithunzi za m'ma 200 batire likakhala latsopano. La zaka 10 lingathe kutha musanafike pa theka. Chimene chimadya kwambiri ndi sikirini, fulashi ndi kamota ka lenzi, ndiye kuyatsayatsa kamera kuti muonetse anzanu zithunzi ndi kumene kumalitha. Batire lachiwiri si chinthu chongosangalatsa, muliwerengere mu mtengo wa kamera.

Mabatire a lifiyamu akakalamba amafufuma. Liikeni pa tebulo losalala n'kulizunguza ndi chala. Ngati likuzungulira momasuka ngati lili ndi mimba, latha ntchito. Musalitchaje, musaliboole, ndipo musalikakamize kulowa m'kamera, chifukwa m'kabowo kothina kaja likafufumira momwemo silitulukanso popanda kumasula kamera. Mabatire osakhala a kampani yake amagwira ntchito, koma manambala aakulu olembedwa pa ena mwa iwo si oona. M'kabokosi kofanana simungalowe mphamvu yowirikiza kawiri. Ngati kamera ikhala miyezi osagwira ntchito, chotsani batire lili ndi moto wa theka.

Funsaninso mmene imatchajira. Ma IXUS ambiri amafuna tchaja yake yapakhoma, pamene ma Sony, Nikon ndi Casio ambiri a zaka zomalizira amatchajira pa USB batire lili mkati. Kumene magetsi amazimazima, yotchajira pa USB ndi yabwino chifukwa power bank imakwana. Tchaja zoyambirira zambiri zimalandira mavoti 100 mpaka 240, ndiye yochokera ku America kapena ku Japan imangofuna adaputala ya pulagi. Werengani kumbuyo kwake musanalumikize. Tchaja ija ya timapini tiwiri tosuntha, ya mabatire a foni zakale, imatha kutchaja batire la mavoti 3.6 kapena 3.7 ngati timapinito tagunda pa + ndi pa −, koma musaisiye yokha usiku wonse. Kamera ikamafunsa deti nthawi iliyonse mukaiyatsa, ndi kabatire kena kamkati kosunga nthawi kamene katha. Siyani batire lodzadza mkati kwa maola angapo, nthawi zambiri kamadzukanso.

Khadi ndi limene limakhumudwitsa ogula ambiri. Makamera a chaka cha 2006 chisanafike amawerenga SD ya 2 GB kutsika pansi. SDHC, ya 4 GB mpaka 32 GB, inabwera mu 2006, ndipo SDXC, ya 64 GB kupita m'mwamba, inalengezedwa mu 2009. Mukaika khadi la 64 GB m'kamera ya mu 2008 imangolemba kuti khadi lili ndi vuto, pamene zonse ziwiri ndi zabwinobwino. Ma Sony akale amafuna Memory Stick Duo kapena PRO Duo, ndipo ma Olympus ndi Fujifilm ambiri a nthawi imeneyo amafuna xD-Picture Card, imene inalekera pa 2 GB ndipo sikupangidwanso. Makhadi amenewa amasowa, ndipo akapezeka amadula. Khadi la 2 GB si laling'ono monga likumvekera. Limasunga zithunzi mazana angapo za mamegapikiselo 7. Lifomateni m'kamera momwemo, osati pa kompyuta.

Zingwe za USB za makamerawa zambiri zili ndi mutu wakewake, ndipo Wi-Fi ili pa ochepa a zaka zomalizira. Njira yosavuta yosamutsira zithunzi ndi kachipangizo kowerengera makhadi kolowa pa foni. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti ngati mukufuna kuti chithunzi chisachepetsedwe.

Fumbi, mchenga ndi lenzi yokana kutuluka

Chodabwitsa cha kamera ya m'thumba ndi choti m'thumba ndi mmene mumaipha. Muli ulusi, tizinyalala ndi thukuta. Muli makiyi okanda sikirini. Thumba lakumbuyo limaiswa mukakhala pansi. Choopsa kwambiri ndi batani kudinika lokha kamera ili mothinana. Lenzi imayamba kutuluka, imasowa kolowera, timagiya timalumpha mano, ndipo mukaitulutsa imalemba kuti lenzi ili ndi vuto. Ma Canon akale ankalemba E18. Kachikwama kolimba kamateteza zonsezi, ngakhale kamawonjezera mamilimita omwe aja amene munawalipirira kuti achoke.

Lenzi ikakanirira, yambani ndi batire lodzadza, chifukwa batire lofooka limatha kusiya lenzi panjira. Chotsani khadi, lozetsani lenzi pansi, pemererani m'mipata ya timachubu ndi kampira kopopera mpweya, kenako gogodani kamera pang'ono m'mbali pa chikhatho n'kuyatsa. Musapemerere ndi pakamwa, mumalowetsa chinyezi. Musaikoke kapena kuikankha ndi mphamvu, ndipo musathire mafuta a mtundu uliwonse. Amagwira fumbi n'kufika pa magalasi. Zikakanika, kukonzetsa kwake ndi kusintha lenzi yonse, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umaposa wa kamera ina yakale. Amene akufuna kumasula yekha adziwe kuti kapasita, kachipangizo kosungira moto wa fulashi, imasunga mavoti pafupifupi 300 ngakhale batire litachotsedwa, ndipo imatha kumenya koopsa.

Lenzi yotuluka imakokanso mpweya nthawi iliyonse ikamayenda, ndipo fumbi limalowa nawo mpaka pa sensa. Sensayo ili mkati motsekeka, simungaipukute. Ku mchenga wa kunyanja, monga ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ndi pa misewu yafumbi ya mwezi wa Okutobala, ya lenzi yopinda ndi imene imapirira, malinga mupukute m'njira ya chotsekera chake chotsetsereka. M'dzinja mdani ndi chinyezi, chimene chimameretsa nkhungu pa magalasi. Sungani kamera m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato. M'galimoto yoimikidwa padzuwa musaisiyemo, kutentha kumawononga batire ndi sikirini.

Ndani aigule, ndipo ayang'ane chiyani

Ngati mumajambula panja masana, mukufuna zoom yeniyeni, mumakonda zithunzi za fulashi usiku, kapena mukufuna chojambulira chopatsa mwana pa ulendo wa sukulu osamupatsa foni, kamera yopyapyala ndi yoyenera. Ngati cholinga ndi kujambula m'nyumba popanda fulashi, masewera, kapena kanema wabwino, ndalamazo zisungeni. Ambiri amalekera pa kanema wa 720p ndipo ena salola zoom kanema akamajambulidwa. Wofuna zithunzi zoposa za foni m'njira zonse alole mamilimita ena. Sony RX100 yoyamba, ya mu 2012, ndi yochindikala mamilimita 36, ili ndi sensa ya inchi imodzi, lenzi yoyambira pa f/1.8, ndipo imasunga RAW, fayilo yosakonzedwa imene mumakakonza nokha pa kompyuta. M'thumba la shati silowa bwino, koma m'thumba la jekete imalowa. Pakati pa makamera opyapyala enieniwo, ine ndingasankhe ya mamilimita 20 mpaka 25, ya mamegapikiselo 10 mpaka 12, yochepetsa kugwedezeka ndi galasi, yolandira SDHC, osati yopyapyalitsitsa.

Musagule kamera imene simunaione itayaka. Pitani ndi khadi lanu la SD la 2 GB, limene makamera a SD akale ndi atsopano omwe amaliwerenga. Tsegulani kachitseko ka batire muone ngati kokowera kake sikanathyoke ndiponso ngati timapini tamkati tilibe dzimbiri lobiriwira. Yatsani ndi kuzimitsa kangapo mukumvetsera. Lenzi iyende mosadodoma, popanda kukukuta, ndipo timasamba totseka kutsogolo kwake titseguke tonse. Kokani zoom mpaka kumapeto n'kubwerera. Muli pa zoom yonse, jambulani khoma loyera kapena thambo zithunzi ziwiri mutasuntha pang'ono. Banga lakuda lokhala pamalo amodzimodzi pa zonse ziwiri ndi fumbi la pa sensa. Walitsani tochi ya foni m'lenzi chopendekeka muone ngati muli timizere tonga ulusi wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu. Jambulani nyuzipepala yopachikidwa molunjika, mbali zonse zinayi zifanane. Mbali imodzi ikafewa kuposa inzake, kamerayo inagwapo. Yesani fulashi katatu, iyenera kukonzekanso m'masekondi ochepa.

Pomaliza jambulani panja padzuwa. Chithunzi chikatuluka choyera mopitirira ndi timizere topingasa pamene cha m'nyumba chili bwino, shata ikukanirira, ndipo vutoli limakula. Makamera a m'zaka za 2002 mpaka 2004 muwayesetse kwambiri: ma CCD ena a nthawi imeneyo, opangidwa ndi Sony n'kuikidwanso m'makamera a makampani ena monga Canon, Fujifilm ndi Konica Minolta, anali ndi vuto la timawaya tamkati tolekana chifukwa cha kutentha ndi chinyezi, ndipo makampaniwo analengeza zimenezi mu 2005. Chizindikiro chake ndi sikirini yakuda kapena chithunzi chofiirira chosungunuka pamene menyu ikuoneka bwinobwino. Yotere isiyeni, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani.